Mdala Wokhalira Mipando pa Chongwe

"Imitsani basi, imwe! Ine siniyenda ku Lusaka!"

Wokuwayo ndi mdala wa pa siteshoni ya Chongwe. Ntchito yake ndi kukhala m'minibasi, chikwama pamwendo ngati wapaulendo, kuti anthu aziyesa yatsala pang'ono kudzaza. Ikadzaza amatsika, kondakitala n'kumupatsa ya tiyi. Amakonda kunena kuti basi yopanda anthu siitana munthu.

Tsikulo anakhalira basi yaikulu yatsopano, imene akuluakulu anabweretsa kuti magalimoto achepe pamsewu. Nthawi itangokwana, inanyamuka mipando ili mbee! Mdala kukamwa yasa.

Atamutsitsa panjira, anakalipa mpaka mitsempha kutuluka m'khosi: "Basi kunyamuka yosadzaza? Manje ine nizadya chani? Wamene anapanga izi abwere pano aniyankhe!"