Machila Amene Bambo Anamasula

Achemwali Esinati, lero alangizi a zaumoyo anafika pakhomo panga kuno ku Thuchila n'kutaya madzi a mvula amene anali mumphika wakale kuseri kwa nyumba. Akuti udzudzu wa miyendo yamawangamawanga, woluma masana, umaswana m'madzi otere ndipo umafalitsa matenda otchedwa dengi. Atanena kuti nthawi yoopsa ndi pamene thupi la wodwala langozizira kumene, ndinakumbukira inu. Sindikudziwa ngati anali matenda omwewo, poti palibe anakupimani.

Munali m'zaka za m'ma 1950, tikukhala m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi. Munagona masiku atatu thupi lili moto, mukudandaula kuti mafupa akuphwanya ndipo kuseri kwa maso kukuwawa. Kwathu wodwala sankapita kuchipatala zitsamba zisanalephere. Tsiku lachinayi bambo anamanga machila a nsungwi ndi chiguduli kuti akunyamuleni, koma m'mawa womwewo thupi linazizira. Munatuluka nokha, n'kukhala pakhonde pafupi ndi mitsuko ya amayi yosavundikira, ndipo munandituma madzi akumwa. Pokupatsani chikho ndinaona magazi m'nkhama mwanu. Munapukuta ndi nsalu, n'kundiuza kuti, "Ndi mswachi wandilasa, usakawauze amayi." Ine sindinauze munthu. Bambo atakuonani muli tsonga anati, "Wachira uyu," ndipo anamasula machila aja n'kupita kukathyola tiyi. Mawa lake anamanganso nsungwi zomwe zija, koma ulendo wake sunali wa kuchipatala, unali wokuperekezani kumanda.