Dzina la Levi Kumsana

Mphwanga Levi Kalinde wapalasa kabaza pa Njuli zaka makumi awiri ndi ziwiri. Kaliyala yake yanyamula amayi apakati, aphunzitsi, mbuzi ndi malata, ndipo tsiku lina inanyamula kwaya yonse, oimba besi atakhala pahandulo. Anthu onsewa amaudziwa msana wa Levi kuposa nkhope yake. Angakuuzeni pamene pali chigamba ndi pamene thukuta limayambira, koma dzina lake ayi. Kwa iwo ndi "akabaza" basi.

Ndiye atamva kuti kalabu ya njinga ya mayi Margret, namwino wopuma pantchito, imapereka malaya achikasu olembedwa dzina la mwiniwake kumsana, Levi tiyi anasiya kumukomera. Lamulo lolowera linali lakuti munthu ayende ndi gulu kuchokera pa Njuli mpaka ku Milepa osatsalira, pakaliyala popanda munthu kapena katundu. Mayi Margret anati umenewu si ganyu, ndi ulendo wokaona dziko.

Ananyamuka Loweruka lina mu Juni, anthu khumi ndi anayi, chiperoni chitafunditsa phiri la Chiradzulu mpaka m'chiuno. Njinga ya Levi itamva kuti kumbuyo kulibe kanthu, inapepuka ngati nthenga. Tayala lakumbuyo linkangonunkhiza pansi apo ndi apo, ndipo potsetsereka akhwangwala ankamupatukira.

Msewu umenewu anaudutsa kambirimbiri, maso ali pa maenje. Tsiku ili anadzutsa mutu. Anaona nandolo ali maluwa okhaokha, minda yonse yachikasu ngati nayonso inalowa kale kalabu. Nkhungu inkang'ambika pang'onopang'ono n'kusiya tizidutswa pamitengo ya mango, ndipo kutali phiri la Mulanje linkayandama ngati laiwala kutera. Levi anadziona atavala malaya aja, zilembo zinayi zikuwala kumsana, anthu a ku Phalombe akuziwerenga ali pakhonde kwawo.

Chimene chinamuvuta ndi moni. Gulu likamadutsa, anthu m'minda ankakweza manja, ndipo kwa wakabaza dzanja lokwera ndi pasinjala. Zala zake zinkagwira buleki zokha, mwiniwake asanazitume. Pofika ku Mbombwe anali ataima maulendo makumi atatu, kamodzi chifukwa cha tsamba la nthochi limene linagwedezeka ndi mphepo. Anzakewo anawapeza atatha kale mbatata yowotcha, wina atayamba kumera imvi. Mayi Margret anamuuza mokoma mtima kuti akatsaliranso, malaya aiwale.

Kuchoka apo Levi anagwira handulo pakati penipeni, kutali ndi mabuleki. Anadutsa manja asanu akuluma mano. Dzanja lachisanu ndi chimodzi linali pachikweza, ndipo mwini dzanjalo anali mayi Margret, ataima pambali pa njinga yoduka tcheni. Gulu linali litazimirira kale kutsogolo.

Zala zinapeza buleki.

"Kwerani, mayi."

"Mukudziwa kuti mukutaya malaya, a Kalinde? Lamulo lija ndinaika ndine."

"Mukaliwerengera kutsogolo lamulolo. Khalani bwino, mugwire kunsi kwa chishalo."

Njinga yodukayo anaisungitsa panyumba ina ya m'mbali mwa msewu. Ya Levi itangomva kulemera kwa munthu, inakumbukira kuti pansi palipo. Inathamanga mpaka mithunzi yawo inatsalira, n'kudzawapeza madzulo ikupuma wefuwefu. Gulu analipeza pamlatho, ndipo ku Milepa analowa onse pamodzi. Njira yonseyo mayi Margret analibe china choyang'ana koma msana uja, chigamba chake ndi thukuta lake.

Pansi pa mtengo wa mbawa mayiwo anaimirira n'kudzinenera okha mlandu. Anati amene anakweza dzanja ndi iwo, amene anakwera ndi iwonso. Gulu linakambirana mwaulemu waukulu n'kugamula kuti wolakwayo agule nzimbe za aliyense, ndipo Levi ayesedwe m'mapewa.

Malaya anafika patatha masabata awiri. Masiku ano mukakwera kabaza wa malaya achikasu pa Njuli, musakhale ndi changu. Levi amapalasa pang'onopang'ono, msana ataukhazika chilili ngati bolodi la kusukulu, mpaka wokwerayo atawerenga zilembo zonse zinayi n'kumuitana dzina.