Kathumba ka Phulusa pa Maliro a Alongo Anga

Amake Jelita, mnansi wanga, ndiwo anandipeza kudimba n'kundiuza kuti alongo anga aakulu atisiya. Tsiku loika maliro ndinadzuka tambala asanalire, mawu atasasa ndi nyimbo. Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, mwana wanga Yotamu asapirikitsidwe pa maliro a malume ake.

Yotamu ndi gemugadi, mlonda wa nyama za boma. Chaka chatha anapeza misampha ya waya m'nkhalango yoletsedwa, mwini wake n'kukhala malume akewo. Anawagwira, ndipo malumewo anakakhala m'ndende miyezi itatu. Kuyambira pamenepo sanapatsanenso moni.

Kutacha, moto unayaka kuseri kwa nkhokwe, amayi ena akusinja mapira, ena akutunga madzi. Anthu anafika a ku Malama, ena a ku Msoro pamodzi ndi mphunzitsi wa mpingo, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Dzuwa la Okutobala linaswa mtengo. Yotamu anafika pa njinga cha m'ma 9 koloko, nakhala yekha pansi pa mtengo wa tsanya. Palibe anam'sendezera mpando. Mlamu wanga, namfedwa, atamuona anayang'ana kukhoma.

Tinanyamuka masana, adzukulu atasenza chithatha. Pafupi ndi manda nyimbo inaduka. Njovu zisanu ndi kamwana zinali zitaima m'njira momwemo, zikutola zipatso za mchenja. Bambo wina anafuna kumenya chitini kuti zithawe.

"Musatero, atate, zili ndi mwana," anatero Yotamu.

Anatulutsa kathumba kachikopa, nakagwedeza. Phulusa linatuluka n'kuuluka molunjika kwa njovu, kusonyeza kuti mphepo ikupereka fungo lathu kwa izo. Mlamu wanga anayang'anitsitsa.

"Iwe, kathumbako n'ka yani?"

"N'ka amalume, amai. Anandisokera pondiphunzitsa kuona mphepo."

"Ukali nako mpaka lero?"

Yotamu anangowerama. Mlamu anapukuta misozi ndi chitenje. "Tsogola, mwanawe. Waperekeze amalume ako."

Yotamu anatizungulitsa kumunsi, m'mchenga wa kamtsinje kouma, tili chete, ana pamsana. Njovu sizinatukule n'khutu lomwe. Kumanda, mkulu wa adzukulu anam'patsa khasu, ndipo anaponya dothi pamodzi ndi asuweni ake.

Ine ndinkadikira kuti Mulungu andiyankhe mu ulaliki. Unali wabwino ndithu, koma mawu ake ndaiwala. Amene sindidzaiwala ndi aja anandiyankhula m'kaphulusa, komwe timasesa m'mawa uliwonse n'kutaya kudzala. Pamenepo ndinadziwa kuti wandimva.

Madzulo anthu atabalalika nyumba inali zii, nkhuku zokha zikupalasa pamene panali moto. Yotamu sanabwerere kukampu ya magemugadi. Ndinam'siya pakhonde akumangirira mlamu chitseko chimene chinali chitaguluka, iwo atam'gwirira luzi.

Inu owerenga, pogwada mutikumbukireko, makamaka mlamu wanga ndi ana ake anayi. Mum'tchulekonso Yotamu, pakuti Lolemba abwerera kuthengo.