Sajeni Wanga Wadothi

Ndikukumbukira chaka chimene vidiyo inafika pa Golomoti. Zipani zinali zitangochuluka kumene, akuluakulu ali pa mkangano wa mavoti pansi pa mitengo. Ife ana zimenezo sizinkatikhudza. Chathu chinali kanyumba ka mphasa kuseri kwa msika, mmene munali kanema wa batire. Tinkaonera panja, pa mng'alu wa mphasa, diso limodzi, mosinthana. Tsiku lina anaonetsa nkhondo yakalekale ya azungu. Chizungu sitinkamva. Tinangoona anthu atakhala m'ngalande zamatope, zipewa zachitsulo kumutu. Wina akaliza wezulo, onse ankatuluka n'kumagwa. Posakhalitsa mtsinje wouma wa kuseri kwa njanji unadzaza ndi ngalande zathu.

Asilikali tinkaumba ndi dothi la pachulu, aliyense wotalika ngati chala. Chipewa chinali chigoba cha nsawa, mfuti inali munga wa mthethe. Tinkawayanika pamwala mpaka aume. Zipolopolo zinali njere za malambe. Koma njere inkayenera kumung'unyidwa mpaka ide bii. Yokhala ndi ufa ndi chakudya, si chipolopolo. Lamulo limeneli aliyense ankalidziwa. Motero nkhondo isanayambe tinkakhala pamchenga tikumung'unya malambe mpaka mano kuyayamira.

Malamulo ena a pa Golomoti anali ochepa. Ponya nthawi imene wafuna. Tulutsa asilikali ako mmene wafunira. Njere yogwera kwa mdani ndi ya mdani. Msilikali akagwa wafa, ndipo womugwetsayo atenge mwala amuphwanye pomwepo. Basi. Nkhondo zathu zinkatha msanga, kenako tonse ulendo wa kuchulu kukaumba ena.

Ine ndinali ndi msilikali mmodzi amene sindikanatha kuumbanso. Dzina lake Sajeni. Anamuumba ndi achimwene anga a Fanuwelo asanapite ku Joni kukafuna ntchito. Anamulemba ndevu ndi munga, n'kumuika pamoto pamodzi ndi mbiya za amayi. Anatuluka wofiira, wolimba. Ukamugogoda ndi chikhadabo ankalira ngati kambiya. Achimwene atapita panadutsa nthawi yaitali osamva za iwo. Chimene anandisiyira chinali chomwechi. Ndinkagona naye m'thumba la kabudula. Kunkhondo ndinkamuika kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa chibuluma, kumene njere sinkafika.

Amene ankamufuna anali Yosefe wa kutsidya kwa njanji. Tinkamutcha Bokosi chifukwa cha mutu wake. Dzanja lake silinkaphonya. Njiwa ankaigenda popanda legeni. Sanali woipa mtima. Ankangofuna kumva mmene dothi lowotcha limalirira pansi pa mwala.

"Fabiano, mkulu wa asilikali wanji wokhalira kubisala ngati nkhuku yoikira?" ankatero. "Mtulutse tione."

Ine ndinkangomusiya kuseri kwa chibuluma chake.

Nthawi ya tchuthi kunabwera Dalitso, msuweni wanga, mwana wa amalume a ku Mua. Anali woonda, wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono ngati akutsogolera mapemphero. Anabwera ndi chitini cha asilikali ake atawakulunga m'masamba. Nawonso anyamata a kwawo anali ataiona nkhondo ija, koma malamulo awo anali ena.

Kwawo nkhondo inkayendera wezulo wa phesi la papaya. Uziliza mpaka mpweya uthe. Ukatero uchite chinthu chimodzi chokha: uponye njere imodzi, kapena usunthe asilikali mtunda wa chikhatho chimodzi. Mwala kunalibe. Wogwa sanafe ayi, wavulala. Gulu lililonse linkakhala ndi tianthu tiwiri topanda mfuti, tonyamula machila a bango ndi kansanza. Tianthuto ankatitcha amtengatenga. Dalitso ankati agogo a amayi ake ananyamulako katundu pa nkhondo ya Ajeremani, ndiye nkhondo yopanda onyamula si nkhondo. Tianthu timeneti tikafika pa wovulala n'kubwerera naye m'ngalande, ndiye kuti wachira.

Tinayesa awiriwiri kuseri kwa khola la mbuzi. Dzuwa linapendeka popanda wakufa ndi mmodzi yemwe. Dalitso ankafotokozabe malamulo ena, ine ndikuseka, osamvetsera.

"Msuweni, iyi si nkhondo," ndinatero. "Awa ndi maliro."

"Yanuyo ndiye nkhondo? Kuja ndi kusinja," anayankha.

Kunena zoona, malamulo onsewa anali ndi pabwino pake. Athu ankakoma poyamba. Mtima unkathamanga, fumbi koboo, koma tinkataya nthawi yambiri kuumba kusiyana ndi kumenya. A ku Mua ankakuchititsa kuganiza, koma matako ankapsa ndi mchenga ukudikira mpweya wa munthu wina.

Bokosi atamva kuti kwabwera mlendo wa chitini, anatiputa. Tinakumana kumtsinje. Dalitso anakana mwala. Bokosi anakana wezulo. Tinakangana mpaka pakhosi kuuma. Potsiriza Bokosi anati aliyense amenye ndi malamulo ake. Tonse tinavomera, tikuona ngati nzeru. Palibe anafunsa kuti munthu wa mbali ino akagwa ndi njere ya mbali inayo, lamulo likhala la yani. Ine ndinapita kwa Dalitso. Ndinkati ndi chibale. Komanso ndinkaona kuti kumene kulibe mwala, Sajeni ali pabwino.

Tsikulo kunatentha. Mchenga unkaotcha mawondo. Kamphepo kankabweretsa fungo la ndowe zouma ndi la usipa wa kumsika. Tinakumba ngalande zozama mpaka kufika pamchenga wonyowa, wozizira kuzala. A Bokosi anangokanda pamwamba. Pakati pa ife ndi iwo panali bwalo loyera, lopanda ngakhale kaudzu.

Anayamba ndi iwo. Njere zinagwa ngati matalala. Asilikali athu anali pansi, mitu yosaoneka, ndipo njere zinkangodzaza ngalande zathu. Kenako anatulutsa gulu lawo lonse pabwalo. Dalitso ankaliza wezulo wake, pyeee, mpaka mitsempha ya pakhosi kutuluka, ife n'kuponya imodzi. Pyeee, imodzi. Pabwalo poyera sitinkaphonya kwenikweni. Awo ankagwa mmodzimmodzi. Sitinkawaphwanya, chifukwa kwathu kunalibe mwala. Ankangogona pomwepo, opanda wowatenga. Patapita nthawi, a Bokosi anatsala ndi asilikali ochepa, njere zawo zonse zili kwathu. Ndinayamba kuona kuti maliro aja ali ndi nzeru.

"Tsopano tituluke tikalande ngalande yawo," anatero Dalitso. "Bweretsa Sajeni."

"Sajeni satuluka."

"Kwathu mkulu amatsogola. Gulu silituluka iye ali kumbuyo."

"Limenelo sunandiuze."

"Ndinakuuza kukhola kuja. Unali kuseka."

Anyamata onse anandiyang'ana. Ndinayang'ana manja a Bokosi. Analibe kanthu. Ndinamutenga Sajeni kuseri kwa chibuluma n'kumuimika kutsogolo. Wezulo, chikhatho. Wezulo, chikhatho. Titafika pakati pa bwalo, Bokosi analavulira m'dzanja njere imene anaibisa m'tsaya. Anaponya kamodzi. Ndinamva kuti ngwee. Sajeni anagwa chagada, chipewa chikugubuduka.

Bokosi anatola mwala.

"Chipolopolo ndi changa, lamulo ndi langa," anatero.

"Msilikali ndi wathu, lamulo ndi lathu," anatero Dalitso, atatchinga ndi dzanja.

Mkangano unabuka. Ena ankakuwa, ena ankatukwana mitu ya anzawo. Mbuzi zimene zinali pamthunzi zinathawa. Kumenyana sikunachitike chifukwa onse tinkafuna kuona mathero ake. Mapeto ake tinagwirizana chonchi. Gulu lathu libwerere m'ngalande. Amtengatenga apite akamutenge. Akafika naye, wachira. Koma aliyense wogundidwa ndi njere pabwalopo, kaya wonyamula kaya Sajeni, mwala. Bokosi anavomera msanga. Anaona kuti aphwanya atatu m'malo mwa mmodzi.

Vuto lake linali limodzi. Analibe njere. Anatuma mng'ono wake kukathyola chigoba cha malambe chimene chinatsala, n'kudzaza m'kamwa.

Zimene zinatsatira sindidzaiwala. Mbali ino Dalitso akuliza phesi la papaya. Mbali iyo Bokosi akumung'unya, masaya atafufuma, maso atatsinzina ndi kuwawasa, dovu likutsika pachibwano. Tianthu tiwiri tija tikuyenda chikhatho chimodzichimodzi ndi machila awo. Chimene chinandipweteka n'chakuti Dalitso ankaliza mpweya wake wonse, osachotserako.

"Fupikitsa mpweya, iwe!" ndinanong'ona.

Anapukusa mutu, phesi lili pakamwa.

"Msuweni, ndikupatsa legeni yanga."

Anapukusanso.

Amtengatenga anafika pa Sajeni. Dalitso anamugoneka pamachila bwinobwino, n'kumuveka chipewa chake. Onyamulawo anatembenuka. Atayenda pang'ono, Bokosi anatulutsa njere yakuda, anaionetsa kwa onse, n'kuponya. Inagunda wonyamula wakumbuyo. Bokosi anabwera ndi mwala wake. Phwaa. Panatsala ufa wadothi ndi kamwendo kamodzi. Dalitso anayang'ana kumbali. Kenako anati wonyamula akatsala yekha amakoka machila, ndipo amayenda theka la chikhatho. Ndinafuna kumuluma.

Ngalande yathu inali pafupi, koma theka la chikhatho ndi kamtunda kochepa. Bokosi anaona kuti nthawi ikumuthera. Analavula njere ina mwachangu n'kuponya. Ngwee, pa Sajeni penipeni. Anadumpha ndi chimwemwe. Koma mng'ono wake yemwe ndiye anaitola njereyo n'kuikweza m'mwamba. Mbali imodzi inali yoyera.

"Ili ndi ufa! Achimwene, mwaponya chakudya!"

Tonse tinafa ndi phwete, ndi a mbali yake omwe. Bokosi anafuna kukana, koma lilime linali litatupa, mawu osamveka. Anabwira malambe ena. Dalitso anakoka mpweya, analiza, anasuntha. Analizanso. Wonyamula uja anatsetserekera m'ngalande, machila pambuyo pake, Sajeni ali pamwamba.

Ndinamutola n'kumuika m'thumba. Nkhondo sitinaimalize. Bokosi anagona chagada pamchenga akuseka, atagwira nsagwada. Anati mawa sadzatha kutafuna ngakhale mbatata. Dalitso anatola kamwendo kaja n'kuika m'chitini. Ndinamuuza kuti pepa.

"Ndi ntchito yake," anatero.

Madzulo ndinamuumbira wonyamula wina. Anatuluka wopindika khosi, mkono umodzi wautali. Dalitso anamulandira, ndipo anapita naye ku Mua.

Kuyambira pamenepo malamulo a kumtsinje anasakanikirana. Wezulo anatsala wa posuntha asilikali pokha, chifukwa Bokosi sakanapirira kudikira kuti aponye. Amtengatenga tinawatenga. Mwala unatsalira okhawo amene anzawo alephera kuwabweza. Bokosi anaumba onyamula akuluakulu ngati ng'ombe, akuti njere isawagwetse. Pamenepo panabuka mkangano wina umene unatitengera tchuthi chonse. Achimwene anadzabwera ndithu, ine nditakula kale. Nditawaonetsa Sajeni anangoti ndevuzo anazikhotetsa.

Lero mtsinje uja anthu anakumbamo mchenga womangira, m'mbali muli madimba a tomato. Kanyumba ka mphasa kanapita. Malambe ana amadyabe, koma njere amangolavula. Ana anga nkhondo amamenyera pafoni ya amayi awo. Muli mfuti zenizeni, utsi, ndi phokoso. Sindinena kuti zawo n'zoipa. Sapsa mawondo, zovala sizida, amayi awo sakalipa. Koma malamulo ali m'kati mwa foni, anawaika ndi munthu amene sadzamuona. Palibe chokangana, palibe chogwirizana. Ife theka la tsiku linkathera pa mkangano, ndipo ndikaganiza bwino, pamenepo ndi pamene pankakoma.

Tsiku lina ndinakhala pambali pa wamng'ono ndikuonera. Msilikali wake anagwa. Ndinamufunsa kuti akamutenga ndani. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zamisala.

"Adadi, amadzuka yekha."

Ndinangoti chabwino. Ndinatuluka kukatsekera mbuzi.