Mphira ya Ba Silas

Mukafika ku Kalingalinga n'kufunsa za Ba Silas Mutale, ambiri adzakuuzani kuti sawadziwa. Koma mukanena kuti wa marediyeta uja wotsatira bandi, ngakhale mayi wogulitsa makala adzakulozerani kashedi ka malata kuseri kwa akalipentala opanga zitseko. Ndi alamu anga. Anakwatira mkulu wanga Felistus, malemu, ndipo ine Luse ndakhala ndikuwanyoza zaka makumi atatu popanda mlandu, poti iwo ndi Mbemba, ine ndine wa ku Chipata, ndipo pakati pa mitundu yathuyi kunyozana ndiye moni.

Rediyeta ya galimoto ikamadontha, amaiwotcherera ndi mtovu. Akatero amatseka mapaipi ake ndi timphira todula ku chubu chakale cha tayala, kalikonse komangidwa kachingwe kokokera, n'kuiviika mumgolo wa madzi, n'kumapopera mpweya ndi pampu ya njinga. Pakatuluka thovu, bowo likadalipo. Pakapanda thovu, ntchito yatha. Manja ali nawo abwino, zimenezo sindingawamane. Koma mutu! Munthu amasakasaka magalasi ali pamphuno.

Chimene amakonda pa dziko lino ndi bandi ya malipenga. Ng'oma yaikulu ikangogunda kulikonse mu Lusaka muno, amasiya rediyeta ya mwini ili m'madzi n'kutsatira. Chimene amaopa ndi yunifolomu. Ali mwana anayandikira kwambiri bandi ku chiwonetsero cha zaulimi, galu wa mlonda wina n'kuwang'amba katumba, ndipo chipsera chake chilipo mpaka lero. Chichokereni tsikulo amatsatira bandi ali kumbuyo kwa aliyense, ndipo akaona chingwe chotchinga anthu amaima patali ngati ndi waya wa magetsi. Wapolisi wa pamsewu akaliza wezulo, iwo amavula chipewa ngakhale ali wapansi.

Felistus anamwalira mwana wawo Deborah ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mtsikanayo anakulira m'shedimo, homuweki akulembera pamwamba pa marediyeta. Lipenga anaphunzira ku bandi ya kutchalitchi, ndipo atakula anamulemba mu bandi ya asilikali. Ba Silas anayenda mlungu wathunthu akusekerera okha. Kungoti chichokereni Deborah, madalaivala anayamba kumabwerera akukalipa kuti injini zikuwira, iwo n'kumati mtovu wa masiku ano ndi wachabechabe.

Mu Novembala chaka chatha, Deborah anasankhidwa kuliza yekha kalipenga kakang'ono kopanda mabatani pa mwambo wokumbukira asilikali amene anafera kunkhondo. Pa mwambowo mzinga umalira, anthu onse n'kukhala chete mphindi ziwiri, mzinga n'kuliranso, kenako munthu mmodzi yekha ndiye amaliza lipenga akuluakulu onse akumvetsera. Zaka zitatu anakhala akudikira mwayi umenewo. Ndiye Lachisanu akubwera kudzationa, kondakitala wa minibasi anamenyetsa chitseko pachikwama chake, lipengalo, lomwe linali m'menemo, n'kung'aluka pokhota, mpweya n'kumathawira pamenepo.

Analowa m'shedi milomo ili gwa. “Batate, nafa ine. Nikakamba ku ofesi bazapasa wina, ndipo sibazanisankhanso.”

Ba Silas analitembenuzatembenuza, nati mkuwa ndi mkuwa, rediyeta ndi lipenga n'zapachibale. Anagwirizana kuti Deborah abwerere kukampu osanena kanthu, iwo adzamupatsira Lamlungu mwambo usanayambe. Ine ndinakana. Ndinati, “Ba mulamu, ivi ni vinthu va boma, muzatimangisa.” Koma ndani amamvera Luse?

Loweruka gasi wowotcherera anawathera, ndiye anamaliza kuwotcherera Lamlungu m'mawa. Ife otsatira bandi a ku Kalingalinga, anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi, tinali titakwera kale minibasi imene tinachita hayala, dalaivala akuliza hutala ngati wapenga. Ine ndinatsika kukawakoka. Ndinawapeza atatseka kukamwa kwa lipengalo ndi mphira, ataliviika mumgolo, akupopa. Thovu panalibe. Ndinawakalipira kuti afulumire, ndipo mlandu umenewo ndimauvomera. Anasolola lipengalo, anakoka kachingwe n'kukaponya m'thumba osayang'ana, analipukuta ndi malaya, ife n'kulowa pamsewu.

Tinafika pamalo a mwambo bandi itafola kale m'mbali mwa msewu. Deborah anatiwona, anachoka pamzere mothamanga, analanda lipengalo pamwamba pa chingwe, natembenuka osanena ngakhale moni. Kuliyesa sakanatha, poti pamzere saloledwa kuliza kanthu mkulu wa bandi asanakweze ndodo. Poguba analiza lipenga lake lalikulu la masiku onse, kakang'onoko kakulendewera m'chiuno kudikira nthawi yake.

Abale, bandi inaimba tsiku limenelo! Ng'oma inkagunda m'chifuwa mwenimwenimu. Koma uku si kuukwati. Asilikali anafola ndi mfuti za mipeni kunsonga, apolisi anazungulira chingwe chonse, ena atagwira agalu akuluakulu otulutsa malilime. Pamipando panali akazembe ndi nkhalamba zingapo za mamendulo, aliyense ndi kaduwa kofiira pachifuwa, nkhata za maluwa zitaikidwa pafupi ndi chipilala chachikumbutso. Tinali titalangizana m'minibasi kuti kuno kulibe nthungululu, kulibe kuvina. Mnzathu Ba Dyness, amene amaluluta ngakhale mwana akayetsemula, analuma chitenje chawo kuti pakamwa pasatseguke.

Bandi itayamba nyimbo ya Mulungu, dzuwa linali litatentha, ndipo Ba Silas anapisa m'thumba kufuna kansalu kopukutira thukuta. Ndinangomva andigwira mkono. M'dzanja linalo munali kachingwe kaja, mfundo yake ili pululu.

“Ni chani, ba mulamu?”

“Mphira,” ananong'ona. “Yasala mukati.”

Mphira imene inatsekereza mpweya wa pampu, milomo ya mtsikana ikanaichita chiyani? Ndinamuona m'maganizo Deborah ataima yekha pamaso pa mzinda wonse, masaya atatupa, lipenga lili duu. Makamera a wailesi yakanema anali pomwepo. Kumuchotsa pa lipengalo kukanakhala kochepa, akanamufunsanso kuti katundu wa bandi anakafika bwanji mumgolo wa marediyeta ku komboni.

Foni Deborah pamzere sakhala nayo. Ndinapita kwa wapolisi amene anali pafupi, ndinamupempha mwaulemu wonse umene ndili nawo, ndipo si wambiri. Iye sanandiyang'ane n'komwe. “Mayo, bwelelani kumbuyo, mukhale chete.” Sindimunena, ntchito yake inali imeneyo. Ba Silas anayesa kukweza chipewa, anayesa kulowetsa chala m'chibakera kuti mwina mwana angaone, koma msilikali pamzere amayang'ana kutsogolo basi. Abusa anapemphera pemphero lalitali, ine osamvapo liwu ndi limodzi lomwe. Ndinkangoyang'ana wotchi ya bambo wina amene anaima patsogolo panga, muvi ukukwawira pa leveni koloko, nthawi yolira mzinga.

Deborah anatuluka pamzere, anaguba yekha mpaka pamasitepe a chipilala, naima njo, kalipenga kali m'dzanja la golovesi yoyera.

Mzinga unalira. Mayo ine! Nthaka inanjenjemera, akhwangwala anabalalika m'mitengo, Ba Dyness anakhala pansi osafuna. Kenako kunagwa bata limene sindinalimvepo mu Lusaka muno. Anthu zikwi, koma ndinkamva mbendera ikukupiza ndi galu akupuma.

M'bata limenelo alamu anga anawerama n'kudutsa pansi pa chingwe.

Ndinawagwira malaya, koma ndinatsala ndi chipewa chokha chimene chinagwa. Munthu amene amaopa wezulo, eti, ndi uyo ali pabwalo la asilikali! Sanathamange. Ankayenda pang'onopang'ono, manja onse m'mwamba kuti aone kuti alibe chida, kachingwe kakulendewera pa zala. Kufuula sanafuule. Munthu wotsatira bandi zaka makumi anayi amadziwa kuti mphindi ziwiri zimenezo ndi za akufa, ndiye anangokweza kachingweko kuti mwana akaone.

Galu wina anadumpha, unyolo n'kumubweza. Msilikali wa pakona anatembenuza mutu, dzanja lake likusuntha pamfuti. Ine ndinaziona ndi maso angawa, ndipo ndinadziwa kuti basi, tikanyamula maliro. Ndinafuna kukuwa kuti ndi wa marediyeta chabe, samapha ngakhale nkhuku, koma ndinangogwira phewa la munthu wosamudziwa.

Apolisi awiri anawafikira atayenda mapazi ngati khumi. Wina anawatseka pakamwa, wina anawapinda mkono, n'kuwakoka chafutambuyo. M'bwalo lonse munkamveka zidendene za nsapato zawo zikukhukhuluzika paphula. Deborah mutu sanatembenuze, koma maso ake ndinawaona akutsatira bambo ake mpaka anakawalowetsa kuseri kwa lole ya apolisi.

Mzinga unaliranso. Deborah anakweza lipenga.

Liwu loyamba linatuluka losweka, ngati la mwana wa mbuzi. Ndinatsinzina, ndinati Ambuye, ndi mphira ija. Koma lachiwiri linabwera loyera, lalitali, linakwera pamwamba pa mitengo n'kukhala pamenepo osagwedera. Analiza nyimbo yonse mpaka kumapeto. Nkhalamba ina ya mamendulo inkapukuta m'maso, Ba Dyness akulira chitenje chili m'kamwa. Ine sindinamvetse kuti zatheka bwanji, komanso mtima wanga unali kuseri kwa lole.

Ndinawapeza atakhazikidwa pansi, atavulidwa nsapato ndi lamba, akufotokozera wapolisi wamkulu za mgolo ndi pampu ya njinga. Wapolisiyo ankangoyang'ana kachingweko, akuganiza kuti mwina wagwira wamisala. Ndinalumbira pa manda a mkulu wanga kuti ndi wopusa chabe, si chigawenga, ndipo Mbemba aliyense ndi wotero. Palibe anaseka.

Mwambo utatha Deborah anabwera pamodzi ndi mkulu wa bandi, poti tsopano chinsinsi chinali chitaululika. Mkuluyo anatenga lipenga, anayendetsa chala chachikulu powotcherera paja kawiri, nafunsa kuti wawotcha ndani. Ba Silas anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Mkuluyo anatembenukira kwa Deborah. “Mutale, Mande ku ofesi.” Ndinati basi, lipenga lapita. Koma pochoka sanalitenge, anamubwezera m'manja. Apolisi nawo atalemba maina ndi kuwachenjeza kokwanira, anawaponyera nsapato zawo.

Titatsala atatu, Ba Silas analephera kumuyang'ana mwana wawo. “Nikhululukile, mwana wanga. Nenze nifuna kukuuza za mphira.”

Deborah anavula golovesi ya kumanzere, n'kuikutumula. Kamphira kakuda kanagwera pamwendo pa bambo ake.

“Ninaichosa pamene munanipasa paja, nikalibe kufika na pamzere.”

“Unaziba bwanji?”

“Batate, kuyambira nili giredi thu nenze kuchosa mphira zamene munali kuibala mu marediyeta ya banthu. Chilichonse chochoka mumanja mwanu nimayamba naikamo chala.”

Ba Silas anatola kamphirako. Ndinawaona akuwerenga zaka m'mutu, akukumbukira madalaivala aja ndi mtovu umene ankaunamizira. Anafunsa motsitsa kuti nanga liwu loyamba lija linasweka bwanji.

“Nenze naona batate banga bakokewa na bapolisi, mfuti ili pafupi. Munafuna lituluke bwanji?”

Pamenepo onse awiri analira, msilikali wa yunifolomu yoyera atagwada pafumbi. Inenso ndinalira, koma ndikutukwana.

Deborah anamulanga milungu iwiri osatuluka m'kampu chifukwa chobisa, ndipo chaka chino amusankhanso. Ba Silas masiku ano rediyeta isanachoke m'shedi amapisa chala m'paipi iliyonse, ndipo madalaivala analeka kubwerera. Kamphira kaja anakakoleka pamsomali pamwamba pa mgolo. Anthu akawafunsa kuti mwana wawo ankaoneka bwanji akuliza yekha tsiku lija, amati mukafunse Ba Luse, poti iwo sanamuone. Anamumva ali kuseri kwa lole, opanda nsapato.