Tsiku Limene Veena Inakhala Chete

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala ku West Bromwich ku Mangalande, m'nyumba zogundizana zija zoti mnzako akatsokomola iwe umamva. Kuseri kwa khoma lathu kunkakhala Anti Lalitha, mayi wachimwenye amene ankaimba veena, choimbira chazingwe chachitali kuposa ine, chamimba ngati chipanda. Iwowa ndiwo anandiuza kuti m'mabuku akale a Chisansikiriti muli mafumu amene ankati akaimba veena, njovu zolusa zinkagwada. Ine ndinakhulupirira ndi mtima wonse, chifukwa njovu kwathu inalipo: bambo anga.

Loweruka masana, Anti akangoyamba kuimba, bambo nawonso ankayamba zawo. Mbama, zibakera, lamba. Amayi, namwino wathunthu wosamalira odwala kuchipatala, ankaluma chitenje kuti asamveke. "Za m'banja sizituluka pakhomo, Tadala," ankandiuza akudzola mafuta pamene patupa. Ine ndinkabisala pansi pa masitepe n'kumapemphera kuti nyimbo ija ilowe m'makutu mwa bambo.

Loweruka lina bambo anawakankhira amayi pa chitsulo cha hita yotenthetsa m'nyumba. Magazi pakapeti, abale inu! Ndinatuluka wopanda nsapato, n'kukagwera m'nyumba mwa Anti.

"Imbani mokweza, Anti!" ndinakuwa m'Chingerezi. "Njovu sikumva!"

Anandiyang'ana kumapazi, kumene kunali magazi. Kenako anayala chikhatho pa zingwe zija. Zii.

M'bata limenelo khoma linaulula zonse: chinthu chikugunda pansi, phuu, ndi mawu a amayi, "Mundipha, bambo a Tadala, mundipha!" Anti anaimbira foni apolisi dzanja lina likumenya khoma, akukalipa m'chilankhulo chawo, misozi ikutsika m'masaya. Bambo anatuluka ali m'maunyolo, maneba ali pamawindo. Ndinawakwiyira Anti kwa nthawi yaitali, chifukwa ndinawapempha nyimbo, iwo n'kundibweretsera apolisi.

Ndinachita kukula kuti ndimvetse chimene chinkawaliza Anti tsiku lija. Bambo sankasowa nyimbo yowafewetsa mtima ayi. Ankaimva bwinobwino, ndipo ankachita kuidikira, chifukwa inkaphimba kulira kwa amayi. Veena ndimaikondabe, ikamalira tsitsi limandiimirira. Koma Anti akanandimvera n'kukweza nyimbo, bwenzi amayi titawaperekeza ku Malawi ali m'bokosi.