Apongozi anga aletsedwa kusesa

Loweruka ndinapita ku Chintheche kukazonda apongozi anga, a NyaManda. Ndinawapeza atakhala pakhomo la khola la anapiye, tsache lili pamiyendo, nkhope ngati ya pamaliro.

"Mwe uli, ama? Anapiye afanso?"

"Ali moyo, mkamwana. Koma mlangizi wandikaniza kusesa m'kholamu. Ine, munthu wa Umanyano wa amayi a kumpingo!"

Muwadziwe kaye mayi amenewa. Tsamba la mango likagwa pabwalo pawo silichedwa kulapa. Chaka chatha anapiye awo anatha psiti ndi matenda a m'matumbo aja otulutsa zitosi zamagazi, ndipo analira kuti mwina sanasese mokwanira.

Ife ana awo tinagamula kuti anapiye awa akafanso, basi, mayiwo adzakhale nafe ku Mzuzu. Iwo safuna n'kumva komwe. Malinga akugulitsa mazira kumalo ogona alendo ku Kande, akadali mwini khomo.

Ulendo uno anagula anapiye olandira kale katemera. Mlangizi wa ziweto, bambo wa ku Dedza, anawafotokozera kuti katemerayo ndi tizilombo tomwe tija, koma tochepa ndi tofooka. Timatuluka ndi zitosi, anapiye n'kumatitolanso pojompha m'mankhusu, mpaka thupi litazolowera kulimbana nato. Ukasesa msanga, kapena kuwamwetsa mankhwala opha tizilomboto, waononga katemera. Chofunika n'chakuti mankhusuwo asachite chidikha.

"Ndiye ndigule matenda, ndiwasungenso bwino?" anamufunsa choncho.

Iye anati akatswiri akufufuza katemera wa mapuloteni okha otengedwa m'kachilomboko, woti sadzalira zonsezi. Apongozi anangothokoza m'Chitonga, "Yewu, ada. Muwauze afulumire, manja akundiyabwa."

Ndinaseka mpaka misozi, koma m'minibasi pobwerera kuseka kunandithera. Kodi si mmene timakondera ambirife? Mwana asapite kunyanja, asakwere njinga, asakanidwe kanthu. Tsiku lomwe adzatuluke yekha, kamphepo kochepa n'kumugwetsa. Akale ankati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Ife timabisa ndi mpeni womwe.

Ndipo si ana okha. Makolo akayamba imvi timawalanda khasu, timawalanda ulendo wa kumsika, kenako timadabwa kuti afookeranji msanga.

Apongozi angawa ndimawakonda kwambiri, sindibisa. Amandimvetsa chisoni akamanyamula ndowa ya madzi a nkhuku, msana ukuwawa. Komabe anamvera mlangizi. Akhala pakhomo paja masiku onsewa, akuyang'ana uve umene mtima wawo sukuufuna, kuti anapiye awo alimbe.

Usiku ndinauza bambo a kunyumba kuti za ku Mzuzu zija tiziiwale, anapiye apulumuke kapena afe. Anandiyang'ana modabwa, ine n'kuwafunsa zomwe ndikukufunsani inu: tikamathamangira kuwachotsa amayi pakhomo pawo, tikuteteza iwo, kapena tikungofuna kuti ife tizigona tulo?